Kwadi yokana kulira: ndemanga yanga pa galaja ina ya ku Mchinji

Ndemanga iyi ikukhudza galaja ina yaing'ono ya pamalo ena ochitira malonda m'boma la Mchinji, imene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kukonza njinga zamoto za kabaza, koma imene inadzutsa njinga yanga ya matayala anayi, yomwe ambiri amaitchula kuti kwadi, itatha miyezi iwiri ikukana kulira. Galajayi ilibe chikwangwani, pansi pake ndi dothi lodetsedwa ndi oyilo, ndipo munthu wongodutsa pamsewu sangaganize kuti pangatuluke ntchito yolongosoka. Komabe ndi pamalo pokhapo pamene ndinaona amakaniko akuyamba ayeza kaye asanandiuze kuti ndikagule chipangizo, ndipo chimenechi n'chimene chandichititsa kulemba.

Kwadiyi ndinaigula mu 2021 kwa munthu amene anali ataigwiritsa kale ntchito. Injini yake ndi ya 250cc, ya silinda imodzi, yozizira ndi mphepo, ndipo mafuta amadzera mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe m'injini. Ndimayendera minda ya soya ndi mtedza imene ina ili kutsidya kwa dambo, kumene m'dzinja galimoto imatitimira ndipo njinga ya matayala awiri imaterereka. Titamaliza kukolola mu Juni 2023 ndinaiimika m'shedi, m'thanki muli petulo pafupifupi theka amene ndinagula kwa anyamata ogulitsa m'zigubu pa nthawi ina imene mafuta ankasowa m'malo omwetsera, monga zakhala zikuchitika kawirikawiri m'zaka zapitazi. Inakhala momwemo mpaka kumayambiriro kwa Okutobala, pamene tinkafuna kuyamba kukonza minda. Nditatembenuza kiyi, kanyali kobiriwira kosonyeza kuti giya ili pa nyutulo kanayaka bwinobwino, koma nditadina batani la sitata kunamveka kaphokoso kamodzi kokha kakuti khethe pansi pa mpando, kanyali kaja kanazilala, ndipo injini sinagwedezeke n'komwe.

Ndisanafike ku galaja imene ndikunenayi ndinali nditawononga kale ndalama. Makaniko wina amene anabwera kumunda anamvetsera kaphokoso kaja n'kugamula nthawi yomweyo kuti batire lafa. Ndinakagula latsopano ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100 pa msewu wa M12, koma titaliika kaphokoso kanali komwe kaja. Kenaka anatenga mawaya ojampira, n'kulumikiza batire la galimoto ku injini ndi ku sitata mwachindunji, ndipo injini inazungulira mwamphamvu koma osalira. Apa anati vuto ndi pulagi, ndipo pulagi yatsopano italephera anati ndi CDI, kabokosi kakuda kamene kamalamulira nthawi imene moto uyenera kuthetheka pa pulagi. Pofika nthawi yogula CDI, kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mitengo ya zipangizo inali itakwera kale m'masitolo. Sindikuganiza kuti munthuyo ankafuna kundidyera. Iye ankangotsatira chizolowezi chimene chili ponseponse, chosintha chipangizo chimodzichimodzi mpaka makina atalira, pamene wolipira zoyesayesazo ndi mwini wake wa makinawo.

Kumayambiriro kwa Disembala, mvula itayamba kale, tinaikweza kwadiyo pa ngolo n'kupita nayo ku galaja imene mnyamata wina wa kabaza anandilozera. Pamalopo pali kashedi ka malata ndi mtengo wa mango umene mthunzi wake ndiwo malo enieni ogwirira ntchito. Mwini wake ndi bambo wachikulire ndithu, ndipo ali ndi anyamata awiri ophunzira ntchito. Ndinawafunsa ngati anayamba akonzapo makina otere, ndipo iwo atasuzumira pansi pa thanki anayankha kuti, "Bambo, musade nkhawa, injini iyi ndi mbale wake wa zakabazazi, yangokula thupi." Mawuwa anali oona. Injini zambiri za njinga zotsika mtengo zimene zadzaza m'misewu yathu, pamodzi ndi za makwadi ang'onoang'ono ngati yangayi, zinatengera kapangidwe ka Honda CG125 ya m'zaka za m'ma 1970, imene inapangidwa dala kuti izipirira m'mayiko amene makina sasamalidwa pafupipafupi. Choncho munthu amene amatsegula injini za kabaza tsiku lililonse sakhala mlendo pa kwadi ya mtundu umenewu.

Asanagwire sipanala anandifunsa mafunso angapo: tsiku limene inalira komaliza, malo amene inaimikidwa, zinthu zina zimene zimasungidwa m'shedimo, kumene ndinagula petulo, ndiponso phokoso lenileni limene imachita ndikadina batani. Funso lomalizali analifotokoza bwino kwambiri moti ndikulikumbukirabe. Anati ukadina batani n'kungoti zii osamveka kalikonse, uyambe wayang'ana fyuzi, kiyi ndi maswichi amene amaletsa sitata kugwira ntchito ngati giya sili pa nyutulo kapena buleki sinagwiridwe. Kukamveka kaphokoso kamodzi, ndiye kuti solenoid, swichi imene imalumikiza batire ndi sitata ukadina batani, yalandira uthenga ndipo yatseka, koma mphamvu yaikulu sikufika ku sitata. Kaphokoso kakamabwerezabwereza mofulumira, kawirikawiri batire ndi lofooka, pamene sitata ikamalira yokha mopepuka injini osazungulira, vuto limakhala pa kachipangizo kamene kamalumikiza sitatayo ndi injini. Maphokoso anayiwa ndi matenda anayi osiyana, ndipo munthu amene sawasiyanitsa amangothamangira kugula batire.

Atatero anatulutsa m'thumba la ovolosi kamita koyezera magetsi, kachikasu, kokalamba, komatidwa ndi tepi kumbuyo. Pa mitu ya batire kanawerenga mavolti 12.6, chimene chimasonyeza batire lodzaza. Anauza mnyamata mmodzi kuti adine batani, ndipo nambala ija inangotsika pang'ono, osafika n'komwe pansi pa 12. Anandiuza kuti batire lofooka likanagwa mpaka pansi pa mavolti 10, ndipo batire labwino limene likuzunguzadi sitata limatsikanso moonekeratu, choncho kusasuntha kwa nambalayo kunkatanthauza kuti mphamvu sikutuluka n'komwe m'batiremo chifukwa penapake njira yatsekeka. Kenaka anachita chinthu chimene ndinali ndisanaonepo makaniko aliyense akuchita. Anaika nsonga imodzi ya mita pa mutu wa negetivu wa batire, inayo pa chitsulo cha injini, malo awiri amene amayenera kukhala ngati chinthu chimodzi chifukwa amalumikizidwa ndi waya wokhuthala wakuda. Batani litadinidwa, mita inaonetsa mavolti oposa 4, pamene pa makina abwino siyenera kufika n'theka la volti lomwe.

Anatsatira waya uja ndi chala mpaka pamene wamangidwa ndi bawuti ku felemu, kuseri kwa pulasitiki ya pansi pa mpando. Kunja bawutiyo inkaoneka yolimba ndiponso yabwinobwino, koma atamasula, pakati pa waya ndi felemu panali dzimbiri losakanikirana ndi ufa wobiriwira motuwa, wonga nkhungu ya pa nsima yogona masiku atatu. Apa m'pamene funso lawo la zinthu zosungidwa m'shedi linamveka tanthauzo lake, chifukwa kwadiyo inali itaima moyandikana ndi matumba a feteleza, ndipo feteleza amakoka chinyezi n'kudya zitsulo. Anapala malowo ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anamanganso bawuti, n'kupakapo girisi pang'ono. Batani litadinidwa, sitata inazunguza injini mwamphamvu. Anandifotokozeranso chifukwa chake injini inazungulira tsiku lija la mawaya ojampira: makaniko woyamba anapanitsa waya wa negetivu pa injini penipeni, motero anailambalala njira yowolayo osadziwa, n'kuganiza kuti batire la galimoto ndilo lachita zamphamvu. Batire langa lakale, limene ndinali nditabwera nalo, analiyeza n'kulitchaja usiku wonse, ndipo linasunga mphamvu bwinobwino. Pano limayatsa nyali kumunda pa sola.

Injini tsopano inkazungulira koma sinkalira, ndipo amakanikowa sanadabwe nazo. Anati injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire, zomwe ndi moto, mafuta osakanikirana bwino ndi mpweya, ndi mphamvu yopanikiza mpweyawo m'silinda, ndipo choyamba kuyesa ndi chimene chili chosavuta kufikira. Anachotsa pulagi, anaibwezera m'chipewa chake, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini atagwira pa labala. Sitata itazungulira, moto unathetheka wabuluu, wamphamvu, womveka ndi khutu. Kenaka anapempha CDI yanga yakale, anaibwezeretsa, ndipo moto unali womwewo, chimodzimodzinso ndi pulagi yakale ataitsuka ndi kuikonza mpata wa kunsonga kuti ukhale pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.7. Mwa zipangizo zitatu zimene ndinagula, panalibe ngakhale chimodzi chimene chinkafunika. Chimene iwo anachiona chofunika kwambiri chinali chakuti pulagi inatuluka youma, yopanda ngakhale fungo la petulo, chonsecho injini inali itazunguzidwa kangapo choki, imene imachulukitsa petulo poliza injini yozizira, itakokedwa. Pulagi yonyowa ikanasonyeza kuti mafuta akufika koma sakuyaka, pamene youma imasonyeza kuti mafuta sakufika n'komwe.

Pansi pa kabuleta pali kambale kamene kamasunga petulo pang'ono, ndipo kambaleko kali ndi sikuluu yotayira. Anaika botolo lagalasi loyera pansi pake n'kumasula sikuluuyo. Zimene zinatuluka zinali zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, zonunkha ngati vanishi, ndipo botololo litakhazikika kwa mphindi zochepa pansi pake panaoneka mzere wa madzi wokhuthala ngati chala chaching'ono. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi, pamalo penipeni pamene kabuleta imayamwira. Ena mwa madziwo ayenera kuti anabwera ndi chigubu chija, koma palinso china chimene eni makina kuno kwathu tiyenera kuchidziwa. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo zimenezi zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenaka kunabweranso ina ku Chikwawa. Pa galimoto yoyenda tsiku lililonse palibe vuto, chifukwa mafutawo amatha asanakhalitse. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo petulo akakhala miyezi m'thanki yosadzaza, mbali yake yopepuka imauluka n'kusiya zomata zimene zimatseka timabowo ta kabuleta. Kulakwa kunali kwa ine amene ndinaimika makina miyezi yoposa itatu mafuta ali momwemo.

Pamene anatsegula kabuleta m'pamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri ndi wophunzira. M'kati mwake muli timachubu tiwiri ta mkuwa, kamodzi kokulirapo kamene kamapereka mafuta injini ikamathamanga, ndi kena kakang'ono kamene amakatchula kuti pilot jet, kamene kamadyetsa injini poyamba kulira ndiponso ikamalira pansipansi itangoima. Anandipatsa tonse tiwiri kuti ndisuzumire moloza kudzuwa. M'kokulirapo kuwala kunkaoneka bwino, koma m'kakang'onoko munali mdima. Anati anthu ambiri amayang'ana kokulirapo kokha, akaona kuti n'koboola amatseka kabuleta n'kunena kuti ilibe vuto, chonsecho injini yozizira siidalira kameneko. Mnyamata mmodzi anatola singano kuti atokose bowolo, koma bambowo anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Iwe, mkuwa ndi wofewa, ukakulitsa bowo limeneli njingayi izimwa mafuta ngati chidakwa ndipo sudzalibwezanso." M'malo mwake anakaviika m'mankhwala otsukira kabuleta, anakapopera mpweya ndi pampu ya matayala, n'kubwerezabwereza mpaka kadontho ka kuwala kanaoneka kozungulira bwino. Ntchito imeneyi yokha inatenga pafupifupi theka la ola, ndipo sanaonetse kutopa nayo.

Anakhuthula thanki yonse, anaika kasefa katsopano ka mafuta pa paipi, anachapa siponji yosefa mpweya ndi sopo, n'kuiyanika, kenaka n'kuipaka oyilo pang'ono. Titathira petulo watsopano wa pa filing'i siteshoni, injini inatsokomola kawiri n'kulira. Asanasangalale anabwezanso mita pa batire injini ikulira, ndipo inaonetsa mavolti pafupifupi 14, kusonyeza kuti makina otchajira akugwira ntchito, popeza nambala yoyenera imakhala pakati pa 13.5 ndi 14.5. Kuyeza kumeneku n'kofunika chifukwa batire limene silitchajidwa poyenda limakubwezera ku vuto lomwe lija pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri.

Sikuti zonse zinayenda mosalala. Amakanikowa anakwera kwadiyo kukaiyesa, ndipo patatha mphindi ngati khumi inazima pafupi ndi bwalo la mpira. Ndinawapeza ataima phee akuganiza, kenaka anatsegula chitsekerero cha thanki, ndipo kunamveka mpweya ukulowa kuti fyoo. Atadina batani inalira nthawi yomweyo. Thanki imafuna kupuma, chifukwa petulo akamatsika mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, ndipo ukapanda kulowa mafuta amasiya kuyenda monga mmene madzi amakanira kutuluka m'botolo lozondotsa. Pa chitsekererocho pali kapaipi kopumira, ndipo atakadula kunsonga tinapeza kodzaza ndi dothi louma limene mavu aja omanga nyumba zadothi anamatamo pa miyezi imene makinawo anali chiimire. Iwo anavomera okha kuti anayenera kuyang'ana kapaipiko pamene ankakhuthula thanki, anapepesa, ndipo sanawonjezere kalikonse pa mtengo. Ndinakondwera ndi kuvomera kumeneku, chifukwa ambiri akanangonena kuti labuka vuto lina latsopano lofuna ndalama zina.

Anapempha kuti kwadiyo igone pamalopo kuti m'mawa ayeze mpata wa mavalavu (tizitseko tolowetsa mafuta ndi kutulutsa utsi m'silinda), ntchito imene imachitika injini itazizira kotheratu. Mpatawu ndi waung'ono kwambiri, wosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndipo amauyeza ndi timalata topyapyala tolembedwa manambala. Valavu ya ku ekisozi anaipeza yothina, ndipo anati valavu yothina sitseka bwino, motero mphamvu yopanikiza imathawa ndipo injini imavuta kulira makamaka m'mawa. Izi zinandikumbutsa kuti ngakhale isanaimikidwe, kwadiyo inkafuna kuinyengerera nthawi yaitali m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi wa chaka chapitacho, ine n'kumaganiza kuti ndi chikhalidwe chake.

Pali zinthu zingapo zimene sizinandisangalatse, ndipo chachikulu ndi nkhani ya swichi ya nyutulo. Pa tsiku lachiwirilo kanyali kobiriwira kaja kankayaka n'kumazima, ndipo kakazima sitata inkakana. Amakanikowa anandiuza kuti njira yachidule n'kulumikiza mawaya a swichiyo kuti sitata izigwira ntchito nthawi iliyonse, monga amachitira pa njinga zambiri za kabaza. Ndinakana, ndipo ndikulangiza aliyense kuti akane. Njinga ya matayala awiri ikalira ili m'giya, kawirikawiri imangodumpha n'kugwa pomwepo, koma kwadi sigwa, imapitirira kutsogolo ndi kulemera kwake konse, ndipo kumunda kwanga kumakhala ana amene amakonda kukwerapo ndi kudinadina mabatani. Swichi imeneyo anaiikapo n'cholinga, ndipo munthu wodziwa ntchito ngati ameneyu sanayenere kuyamba ndi maganizo oichotsa. Nditakana sanalimbane nane. Anatsuka polumikizira pake pamene panalowa matope, kanyaliko kanakhazikika, ndipo anandiuza kuti ndidzagule swichi ina chifukwa yakaleyo yatopa.

Chachiwiri ndi kusasamala za moto ndi ukhondo. Ndinaona mnyamata mmodzi akuliza njinga ina pogunditsa sikuludiraiva pa mitu iwiri ya solenoid, moto n'kumathetheka, chonsecho beseni la petulo wochokera m'thanki yanga linali pafupi kwambiri. Kuyesa kotereku kumathandizadi kudziwa ngati solenoid yafa, koma si kochitira pambali pa mafuta osavundikira. Petulo woipayo anangomukhuthulira pansi kuseri kwa shedi, pamalo pamene madzi a mvula amatsetserekera kumsika. Tizipangizo ta kabuleta anatiyala pa thumba la feteleza lopanda kanthu, pabwalo pamene mphepo imauluza fumbi, ndipo ndinkachita mantha kuti kamchenga kamodzi kalowanso m'bowo limene tavutika nalo theka la ola. Poyesa kwadiyo sanavale chipewa choteteza kumutu, ngakhale kuti makina amenewa amagudubuzika mosavuta pokhota. Lisiti sapereka, choncho chitsimikizo cha ntchito yawo ndi mawu apakamwa basi.

Wopita kumeneko akonzekerenso kudikira. Tsiku loyamba ndinakhala maola atatu asanaigwire kwadi yanga, chifukwa wakabaza aliyense amene wafika ndi tcheni choduka kapena tayala lophulika amathandizidwa msanga. Ndikumvetsa chifukwa chake, popeza anyamatawo amadya za tsiku lomwelo ndipo ambiri amayenera kupereka ndalama kwa eni njinga madzulo aliwonse, komanso ndiwo makasitomala okhazikika a galajayo. Komabe zikanakhala bwino akanandiuza poyamba kuti ndibwere masana, m'malo mongoti, "Tikuyambani pompano, bambo," mawu amene ndinawamva kanayi.

Zipangizo zimene amasunga ndi za njinga za kabaza zokha. Mapulagi, mafyuzi, tisefa ta mafuta, solenoid ndi zina za injini zimagwirizana ndi kwadi yaing'ono ngati yanga, koma za kumatayala, zowongolera ndi mabuleki a kwadi alibe, ndipo munthu ayenera kukazifuna yekha ku Lilongwe kapena kutsidya kwa malire ku Chipata. Anandiuzanso mosabisa kuti makwadi akuluakulu amakono, opopa mafuta ndi kompyuta m'malo mwa kabuleta, sangawalonjeze chifukwa alibe makina owerengera zolakwika zake. Kwa amene ali ndi kwadi yotero galajayi ingamuthandize pa batire, mawaya ndi sitata pokha, ndipo zotsalazo apite nazo kwina.

Pa nkhani ya mtengo, ndalama zimene ndinalipira pa ntchito ya masiku awiri, kuphatikizapo kasefa ka mafuta ndi mankhwala otsukira, zinali zochepa poyerekeza ndi mtengo wa CDI yokha imene ndinagula pachabe. Ndinaona kuti anadzichepetsera, ndipo ndinawonjezerapo pang'ono mwa kufuna kwanga. Vuto limene ndikuliona n'lakuti ambiri a ife timalipira mosanyinyirika tikaona chipangizo chatsopano chikuikidwa, koma timadandaula munthu akatilipiritsa chifukwa chopala bawuti ndi sandipepa, ngakhale kuti kupeza bawuti yoyenera kupala n'kumene kunafuna nzeru. Makaniko amene amayeza asanasinthe chinthu amapeza zochepa pa kasitomala mmodzi kusiyana ndi mnzake wongosintha zipangizo, ndipo ngati sitimulipira moyenera, nayenso tsiku lina adzaika mita yake m'bokosi.

Pondiperekeza anandipatsa malangizo ochepa amene ndawatsatira. Ndikafuna kuimika kwadi kwa masabata angapo, ndimatseka kampopi ka mafuta injini ikulira n'kuisiya mpaka izime yokha, kuti m'kabuleta musatsale petulo. Ndimachotsa waya wa negetivu pa batire, ndipo makinawo sagonanso pamodzi ndi feteleza. Sitata sindiidina kupitirira masekondi asanu nthawi imodzi, ndipo ndimadikira masekondi khumi ndisanayesenso, chifukwa imatentha msanga ndipo batire la makina otere ndi laling'ono. Injini ikamwa mafuta ambiri n'kukana kulira, fungo la petulo lili ponseponse, ndimabweza choki, n'kutsegula akisileleta mpaka kumapeto pozunguza kuti mpweya wambiri uumitse m'silinda.

Kuyambira Disembala 2023 mpaka pamene ndikulemba izi mu Epulo 2024 kwadiyi yadutsa dzinja lonse m'matope a kudambo, ndipo yakana kulira tsiku limodzi lokha. Unali m'mawa wina mu Febuluwale, pamene sitata inkazunguza injini mwamphamvu koma osagwira. Ndinachita monga ndinaonera pansi pa mtengo wa mango paja. Popeza injini inkazungulira bwino, batire ndi mawaya akuluakulu ndinazisiya, ndinachotsa pulagi n'kuipeza yonyowa koma yopanda moto, ndipo nditayang'ana pa chiwongolero ndinaona kuti swichi yofiira yozimitsira injini yakankhidwa, mwina ndi thumba la mbewu limene wantchito anatsamiritsapo dzulo lake. Pa kwadi yangayi swichi imeneyi imadula moto koma sitata imaisiya ikuzungulira, choncho imanamiza mosavuta. Zonsezi zinanditengera mphindi zosakwana zisanu.

Swichi ya nyutulo yatsopano ndinaipeza ku Lilongwe mwezi watha, ndipo tikamaliza kukumba mtedza ndidzapita nayo ku galaja yomweyo kuti akaiike ndi kuyang'ananso mavalavu. Ulendo uno ndidzafika masana, ndipo ndidzatenga beseni langa loyera loikamo tizipangizo ta kabuleta ndi chigubu chotsekeka chothiramo mafuta akale.